Kuyenda wapansi mu Blantyre muno: mafunso ndi mayankho

Chiyambireni kuyenda m'mawa ndi anzanga a kuno ku Naperi mafunso amene ndimalandira ndi omwewomwewo, pa WhatsApp, potuluka m'tchalitchi, ngakhale pamaliro munthu amatha kukukokera pambali nkumanong'ona kuti achimwene zoyendazi zimagwiradi ntchito kapena mumangotha nsapato? Ndiye ndatopa kuyankha mmodzimmodzi, ndangoti ndiwaike pamodzi. Ndayambira osavutawo, a matenda ali pakati, a pamsewu ali kumunsi. Ngati muli ndi BP kapena shuga werengani kaye gawo lanulo musanamange zingwe za nsapato.

Ine ndimayenda kale tsiku ndi tsiku, kuchoka ku Ndirande kukafika m'tauni. Ndiye mukufuna ndizitaninso?

Ili ndiye limabwera kwambiri, ndipo ndi funso lanzeru, chifukwa malangizo ambiri a zoyendawa amawalembera anthu akunja amene amakwera galimoto pakhomo nkukatsikira pa geti ya ofesi. Ife kuno ambirife timayenda kale, ena pofuna, ena poti minibasi yakwera mtengo. Ngati mumatsika ku Ndirande m'mawa nkubwerera madzulo wapansi ndiye kuti munayamba kalekale, muli patsogolo kuposa bwana amene amakudutsani pa galimoto uja.

Chatsala si kuwonjezera mtunda ayi, koma kusintha kayendedwe pa mtunda womwewo. Liwiro, zitunda, ndi nthawi imene mukuyendayo. Amene wayenda mwandawala mphindi 20 mpaka kathukuta pamphumi mtima wake wagwira ntchito kuposa wa amene watha mphindi 40 akukhwekhwereza masilipasi, maso pa foni, kuima pa benchi iliyonse kufunsa mtengo wa tomato woti sagula nkomwe. Njira yake ndi yomweyo, ndalama simuwonjezera olo 1 kwacha, koma thupi limalandira zosiyana.

Ndiziyenda nthawi yaitali bwanji?

Bungwe la WHO m'malangizo ake a 2020 limati munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi zapakatikati, ngati kuyenda mwandawalaku, mphindi 150 mpaka 300 pa sabata. Mukagawa 150 ija pa masiku 5 ndi mphindi 30 patsiku basi. Ana a sukulu amafunika ola lathunthu tsiku lililonse.

Kale ankati zimawerengedwa pokhapokha mwakwanitsa mphindi 10 mosalekeza, koma lamulo limenelo analichotsa. Pano mphindi 5 apa, 7 apo, zonse zimalowa m'thumba limodzi.

Nanga za masitepe 10,000 zija?

Nambala imeneyi sinachokere kuchipatala. Mu 1965, patangotha chaka chichitikireni ma Olympics a ku Tokyo, kampani ina ya ku Japan yotchedwa Yamasa inayamba kugulitsa kachipangizo kowerenga masitepe nkukapatsa dzina loti Manpo-kei, kutanthauza kowerenga masitepe 10,000. Anali malonda, nambala yozungulira bwino yosavuta kuikumbukira, ndipo inangokakamira mpaka kudzalowa m'mafoni athuwa.

Ofufuza atayamba kuwerengadi anapeza zina. Kafukufuku wa 2019 wa amayi achikulire ku America anaonetsa kuti oyenda masitepe pafupifupi 4,400 patsiku imfa zinali zochepa pakati pawo poyerekeza ndi oyenda cha m'ma 2,700, ndipo phindulo linkakwerabe mpaka cha m'ma 7,500 kenako nkuima. Mu 2022 ataphatikiza kafukufuku wa m'maiko angapo zinaoneka kuti opitirira zaka 60 phindu lalikulu amalipeza pakati pa 6,000 ndi 8,000, ocheperapo pakati pa 8,000 ndi 10,000. Ndiye 10,000 si yoipa, koma si malire a chipulumutso. Amene amapindula kwambiri ndi uja anali pa 2,000 nkufika pa 5,000, osati uja akuzungulira tebulo 11 koloko usiku kuti 9,400 ikwane 10,000 (ndinamuonapo, sinditchula dzina).

Kilomita imodzi ndi masitepe cha m'ma 1,300 kapena 1,400, kutengera kutalika kwa miyendo yanu.

Ndidziwa bwanji kuti liwiro langa lakwana?

Yesani kuimba. Zoona. Ngati mukutha kuimba nyimbo ya kwaya vesi yonse bwinobwino mukuyenda, ndiye kuti mukungowongola miyendo. Ngati mukutha kucheza ndi mnzanu koma kuimba kukukanika, pamenepo mpomwe tikufuna. Ngati ngakhale moni sakutuluka, mukungoti wefuwefu, mwapitirira, bwezani pang'ono.

Okonda manambala werengani masitepe pa mphindi imodzi, akafika cha m'ma 100 ndiye ndawala imeneyo. Njira yachidule, werengani pa masekondi 15, akwane 25. Ine ndimangowauza anthu kuti yendani ngati mitambo yada kumbali ya Soche ndipo mwasiya zovala pachingwe.

Musatalikitse sitepe pofuna liwiro, mumangopweteka zidendene ndi mawondo. Sitepe ikhale yanu yomweyo koma yofulumira, mikono izigwedezeka, mutu mmwamba.

Ndilibe nthawi. Ndimachoka 6 m'mawa nkubwera kutada.

Ndakumvani, koma tiyeni tione tsiku lanulo. Minibasi imene mumakwera ija imatha mphindi zingati ili chiimire, kondakitala akukuwa kuti watsala mmodzi pomwe mipando itatu ili pululu? Nthawi zambiri mukanatsikira siteji ziwiri musanafike mukanafika nthawi yomweyo. Ogwira ntchito ku Ginnery Corner kapena ku Chichiri yesani kutsikira patali pang'ono m'mawa, mphindi 10 zimenezo, pa lanchi zina 10, madzulo zina 10. Zakwana 30 popanda kusintha malaya.

Chinanso ndi kukhala. Munthu atha kuyenda m'mawa bwinobwino kenako nkukhala pampando maola 8 osadzuka, ndipo kukhala kotereku kumadya phindu lina la kuyenda kuja. Ma telala, oyendetsa galimoto, a mu ofesi, ogulitsa mu shopu, pakatha mphindi 30 kapena ola dzukani mutambasuke olo mphindi ziwiri. Mnzanu wa ofesi yoyandikana mpiteni komweko m'malo momuimbira, mayunitsi apulumuka.

Kwathu nkwa zitunda zokhazokha, sizingandipweteke?

Anzathu a ku Lilongwe amachita kulipira ku jimu kuti makina awapendekere, ife Mulungu anatipatsa ulele. Mzinda uno mulibe njira yoti muyende kilomita ziwiri osakumana ndi chikweza. Kuchoka m'tauni kulowera ku Limbe pa Chipembere Highway ndi chikweza chapang'onopang'ono, Zingwangwa kukwera cha ku Soche, Chilomoni, Bangwe, Mbayani, konseko. Pachitunda mtima umathamanga ngakhale inu simukuthamanga, ntchafu ndi matako zimagwira ntchito imene pachidikha sizigwira, ndiye mphindi 10 za chikweza ndi zonenepa kuposa mphindi 10 za pamalo osalala.

Pokwera fupikitsani sitepe, weramirani kutsogolo pang'ono kuchokera m'mapazi osati kupinda msana. Chodabwitsa nchoti mawondo amadandaula kwambiri potsika osati pokwera, ndiye kumatsitso musadzisiye ngati wilibala yopanda buleki, tsikani mwa tisitepe ting'onoting'ono.

Mukazolowera, Loweruka lina kakwereni Njira ya Mtanda ku Michiru kudzera ku Chilomoni. Akatolika amakapemphera kumeneko koma aliyense amakwera, ndipo mukafika pamwamba nkuona mzinda wonse uli pansi mudzamvetsa chifukwa chimene ena timadzukira 5 koloko. Pitani pagulu, musapite nokha.

Ndinaona pa TikTok zoti kuyenda kwa chi Japan. Nchiyani chimenecho?

Izi zokha si bodza la pa intaneti. Zinachokera kwa ofufuza a pa Shinshu University ku Japan, motsogozedwa ndi pulofesa Hiroshi Nose, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2007. Mumayenda mwamphamvu mphindi 3, kenako pang'onopang'ono mphindi 3, nkubwereza kasanu, zonse mphindi 30, masiku osachepera 4 pa sabata. Anthu achikulire amene anachita zimenezi kwa miyezi 5 miyendo inalimba, mpweya unawonjezeka ndipo BP inatsika kuposa anzawo amene ankangoyenda liwiro limodzi.

Wotchi siyofunika kwenikweni. Ife timagwiritsa ntchito mapolo a magetsi, mapolo angapo mwamphamvu, angapo mopumira. Ndipo kunena zoona njira ya zitunda imachita yokha zimenezi, chikweza ndiye mphindi zolimbazo, matsitso ndiye kupuma.

Nthawi yabwino ndi iti, m'mawa kapena madzulo?

Imene mungaikwanitse mawa ndi mkuja. Palibe matsenga mu 5 koloko.

Koma pali kanthawi kamodzi kamene ndimakakamira nako, mukangotha kudya. Nsima ikalowa shuga amakwera m'magazi, makamaka ya ufa woyera, ndipo ambirife chimene timachita tikasamba m'manja ndi kutsamira pa sofa kapena kugona pamkeka. Mukayenda mphindi 10 kapena 15 mutangodya, minofu ya miyendo imayamba kumwa shuga ujayo asanaunjikane. Sikufunika ndawala apa, kuyenda kwa bwinobwino, kukaperekeza mlendo mpaka pa siteji, kukagula makala a mawa, kuzungulira mpanda. Makolo athu ankaperekeza mlendo mtunda wautali atatha kudya, sankadziwa za shuga koma zinkawathandiza.

Zoti ukayenda utakhuta matumbo amapotana nzabodza. Kuthamanga ndiye kungakupatseni chilaso m'nthiti, kuyenda ayi.

Chimimbachi chitha?

Apa ndinene chilungamo ngakhale chiwawe. Kuyenda kokha kumachotsa makilo ochepa ndipo mochedwa. Munthu wa makilo 70 akayenda kilomita imodzi amawotcha ma calorie cha m'ma 60. Kabotolo ka Coke ka 300 ml kali ndi opitirira 120. Ndiye kuti botolo limodzi lafufuta makilomita awiri. Tsono onani zimene timachita, tayenda mpaka ku Kamuzu Stadium, tatuluka thukuta, pobwerera taima pa chiwaya, tchipisi cha mafuta chija ndi kankhuku pamwamba, Fanta wozizira, kunyumba tiyi wa masupuni atatu a shuga ndi mandasi awiri poti tagwira ntchito. Pakutha mwezi sikelo ili pomwepo nkumati zoyendazi nzabodza.

Koma musataye mtima chifukwa cha sikelo. Mafuta oopsa ndi a mkati mwa mimba ozungulira ziwalo, ndipo amenewo amayamba kusungunuka ndi kuyenda ngakhale makilo asanasinthe kwenikweni. Yang'anirani lamba kapena chitenje mmene chikukulungira. Komanso BP, shuga, tulo, mpweya pokwera chitunda, zonsezi zimasintha kwa munthu woyenda ngakhale ali wonenepa chomwecho. Ofuna makilo atsike ndithu achepetse mitanda ya nsima, zakumwa za shuga ndi mowa, kuyendako kumathandiza kwambiri kuti makilo amene achokawo asabwerere.

Ndili ndi BP. Ndiyende kapena ndizipuma?

Yendani. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2009 wotchedwa STEPS anapeza kuti kuno ku Malawi pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Kuyenda pafupipafupi kumatsitsa nambala yapamwamba ija ndi cha m'ma 4, zimaoneka zochepa koma pa nkhani ya sitiroko zimawerengedwa.

Zitatu zoti musaiwale. Kuyenda sikulowa m'malo mwa mankhwala, musasiye mapilitsi chifukwa mwayenda milungu iwiri nkumva kupepuka, amene angachepetse ndi adokotala atakuyezani. Chachiwiri, ngati BP yanu ili cha m'ma 180 pa 110 kapena kuposa, pitani kuchipatala kaye iyambe yatsika, zitunda ndi ndawala zidikire. Chachitatu musaime mwadzidzidzi mukamaliza, mphindi 5 zomaliza muziyenda pang'onopang'ono, apo ayi chizungulire.

Ndipo kwa aliyense, wa BP kapena ayi: mukamva kupweteka kapena kuthina pachifuwa, ululu wotsikira kumkono kapena kunsagwada, befu wosagwirizana ndi mmene mukuyendera, mtima kugunda mosalongosoka, kapena mdima m'maso, imani pomwepo ndipo mukaonane ndi achipatala tsiku lomwelo. Izi si zoti ndilimbe mtima ndine mwamuna.

Nanga ife a shuga?

Inu ndiye kuyenda ndi mankhwala enieni, makamaka kuyenda mutangodya kumene ndafotokoza pamwambapa. Koma nkhani yanu yaikulu ndi mapazi. Shuga amapha mitsempha ya kumapazi pang'onopang'ono mpaka munthu kuponda kamwala kapena kutuluka thuza osamva kanthu, kabala kaja nkukula, ndipo ena miyendo inadulidwa chifukwa cha kanthu kotero. Ndiye osayenda opanda nsapato, ngakhale pabwalo. Musanavale gwedezani nsapato ndi kupisamo dzanja. Mukabwera yang'anani mapazi onse, pansi ndi pakati pa zala, ngati simutha kuwerama mwana akuonereni. Kabala kalikonse kosapola pitani nako kuchipatala msanga.

Amene mumabaya insulin kapena kumwa glibenclamide shuga atha kutsika kwambiri muli m'njira. Zizindikiro zake kunjenjemera, thukuta lozizira, njala yadzidzidzi, mutu kusokonekera. Muziyenda ndi maswiti angapo m'thumba, musapite mtunda wautali musanadye, ndipo amene mukuyenda nayeyo adziwe. A metformin yekha vutoli silichitika kawirikawiri.

Amayi anga ali ndi zaka 68, mawondo amawavuta. Si bwino azingokhala?

Ayi, kukhalako ndiye kumawonjezera. Bondo la nyamakazi limafuna kuyendetsedwa, likangokhala limauma ndipo minofu yolichirikiza imafota. Ayambe ndi mphindi 5 kapena 10 pamalo osalala, kawiri patsiku, nkumawonjezera pang'ono sabata iliyonse. Kuwawa pang'ono kumene kukutha pofika mawa si vuto. Bondo likatupa, kutentha, kapena ululu kukhala masiku awiri, achepetse ndipo akaonetse.

Ndodo asachite nayo manyazi, ndipo aigwire kudzanja la mbali imene mwendo uli bwino, ambiri amagwira mosemphanitsa. Kwa a zaka 65 kupita mtsogolo WHO imawonjezera kuti azichitako zolimbitsa kaimidwe masiku atatu pa sabata kupewa kugwa, monga kuima ndi mwendo umodzi atagwira khoma, kapena kudzuka pampando nkukhalanso kangapo osagwira ndi manja.

Komanso tisamawalande tintchito tonse poti tikuwalemekeza. Agogo akafuna kupita okha kumsika kapena ku Mvano wapansi, asiyeni apite.

Ndine woyembekezera, ndingayende?

Ngati ku sikelo sanakuletseni, eya, mphindi 150 pa sabata zomwe zija. Pewani dzuwa la masana ndi njira zoterera, imwani madzi. Mukaona magazi, madzi akutuluka, chizungulire kapena m'mimba mukupotokola, siyani mupite kuchipatala.

Ndimamwa ma ARV, pali vuto?

Palibe, ndipo nkofunika. Chiyambireni dziko lino kusamukira ku mankhwala okhala ndi dolutegravir mu 2019 anthu ena aona thupi likuwonjezeka, ndipo poti anthu akukhala moyo wautali pa mankhwala, BP ndi shuga nazonso zikuwapeza ngati wina aliyense. Yendani monga mwa mayankho ena onsewa, ndipo pokatenga mankhwala muzipempha akuyezeni BP.

Ndigule nsapato zanji? Za mu shopu zija mtengo wake ndi lendi.

Za pa kaunjika zili bwino, ine zanga zonse nza ku Limbe. Musayang'ane dzina, tembenuzani muone kunsi. Ngati chidendene chinadyeka mbali imodzi isiyeni, idzakupendeketsani mmene ankapendekera mwini wake woyamba. Ipindeni, izipindika kutsogolo kumene zala zimapindikira osati pakati. Kutsogolo kwa chala chachikulu kutsale mpata wonga chala chamanthu cha kudzanja. Kagulani masana kapena madzulo poti mapazi amakhala atafufuma, ndipo yesani zonse ziwiri mutavala sokosi, musamvere zoti ikula yokha bwana.

Masilipasi ndi oyendera kubafa. Pa mtunda zala zimagwira ntchito yowakanirira ndipo mayendedwe amasokonekera. Ogwira mu ofesi siyani nsapato ya ntchito mu drowa, muzivala mukafika.

Pamsewu pamaopsa. Mumatani?

Poyamba mbali. Galimoto kuno zimayenda kumanzere, ndiye pamene palibe njira ya oyenda pansi inu yendani kumanja, muziyang'anizana ndi zimene zikubwera. Ambiri amayenda atazipatsa msana. Koma a kabaza a njinga zamoto alibe mbali, amatulukira kulikonse ngakhale pa pevumenti pomwe, ndiye ma earphone onse awiri m'makutu ndi kudzipereka nsembe. Valani khutu limodzi kapena osavala. M'mawa kusanache ndi madzulo valani zowala, malaya oyera akwana. Ndipo maso pansi nawonso, ngalande zosavindikira zathyola anthu miyendo.

Akuba alipo, tisanamizane. Foni m'thumba, osati m'manja. Njira zachidule za m'mitsinje ndi m'minda ya chimanga nthawi ya dzinja zisiyeni kukada. Amayi makamaka, yendani awiri kapena atatu ndipo dikirani kuyere.

Agalu. Musathawe, imani kapena bwererani pang'onopang'ono osamuyang'ana m'maso. Akakulumani kapena kukukandani tsukani balalo ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15 kenako kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuona ngati galuyo apenge. A Mission Rabies akhala akubaya agalu katemera mu Blantyre kuyambira 2015 ndipo zathandiza, koma chiwewe chikangoyamba kuonetsa zizindikiro sichichizika.

Utsi wa pa Highway nthawi yopita ndi yoweruka kuntchito nawo si wabwino. Ngati pali msewu wa mkati wofanana kutalika, monga ya ku Sunnyside, Namiwawa kapena Mandala, dzerani kumeneko.

Nyengo ya mvula, chiperoni, kapena kutentha kwa October?

Chiperoni cha June ndi July ndiye nyengo yokoma kuyenda, vuto ndi kutuluka m'bulangete basi. Valani zingapo zopepuka zoti muzivula mukatenthedwa, osati chijasi chimodzi.

October ndi November yendani 7 isanakwane kapena dzuwa litapendeka, chipewa, kabotolo ka madzi. Mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri ndiye kuti madzi akuchepa. Ndipo chonde, zovala mapulasitiki kapena majekete atatu padzuwa kuti mafuta asungunuke zija, chimene chikutuluka ndi madzi osati mafuta, mukamwa abwerera, mwangozunza impso.

Dzinja mvula yambiri imagwa masana, m'mawa mumapeza mpata. Koma Mudi, Nasolo kapena Naperi akadzaza musayerekeze kuwoloka poti mumawoloka tsiku lililonse. Amene tinaona zimene namondwe Freddy anachita ku Chilobwe ndi Soche mu March 2023 sitifunikanso kuuzidwa za madzi otsika m'phiri. Tsiku lotero yendani pakhonde, kwerani ndi kutsika sitepe ya pakhomo, kapena ingopumani.

Anthu amandiseka, eti galimoto yatha mafuta kapena zinthu zavuta.

Haha, ili ndimalidziwa. Sabata yoyamba anthu atatu anandiimira kuti akwere achimwene, wina mpaka anafunsa akunyumba ngati ntchito inatha. Kwathu kuno chimimba chimatengedwa ngati satifiketi yoti zikuyenda, ndipo ukaonda pang'ono anthu amayamba kunong'onezana kuti akudwala. Ndiye munthu amaopa kuyenda, amaopanso kuonda.

Chimene ndinaona nchoti ukavala zoonetsa kuti ukuchita dala, kabudula kapena thiraki ndi kabotolo m'manja, mafunso amatha, amayamba kukupatsa ulemu wa bwana wosamala thupi. Nzoseketsa poti mtunda ndi womwewo umene mlonda wako amayenda tsiku lililonse popanda womuyamikira. Mukakhala awiri kapena atatu ndiye palibenso amene amalankhula. Ndipo nthawi ya mizere ya mafuta ija tonse tinayenda, mabwana omwe, palibe anafa nazo manyazi.

Asisi ena anandifunsa kuti bambo akunyumba amakayikira zotuluka m'mamawazi. Atengeni. Akakana katatu, kachinayi adzakhala atatopa kufunsa.

Ine ndimayenda tsiku lonse kugulitsa malonda, katundu pamutu. Nanenso ndiziwonjezera?

Ayi, inu masitepe muli nawo ochuluka kale. Chimene thupi lanu likusowa ndi kupuma, madzi, nsapato yabwino ndi kusamala msana. Ntchito yolemetsa ya tsiku lonse yopanda mpumulo siipatsa mtima phindu lofanana ndi ndawala ya mphindi 30 yotsatana ndi kupuma, ndiye musaganize kuti poti mumayenda kwambiri BP singakugwireni. Kayezetseni. Katundu wa m'manja muzisinthanitsa mbali, ndipo ponyamula pansi pindani mawondo osati msana.

Kuyenda kokha nkokwanira?

Kwa mtima, shuga, tulo ndi maganizo kumachita zambiri. Chimene sikukwanitsa ndi mphamvu za mikono, msana ndi pamimba, nchifukwa chake malangizo a WHO aja amati masiku awiri pa sabata muzichitako zolimbitsa minofu. Sikuti mpaka jimu. Kunyamula zigubu za madzi, kulima, kukhala nkudzuka pampando ka 10 katatu, ma push up otsamira khoma. Amene mumatunga madzi masiku amene mipope yauma, mbali imeneyi mwaikwanitsa kale mosafuna.

Ndimayamba nkusiya. Kawiri konse tsopano.

Ambiri amayamba ndi ukali, tsiku loyamba Blantyre mpaka Limbe, lachiwiri miyendo ili ngati mitengo, lachitatu basi zatha. Yambani ndi zochepa zoti mpaka mukuchita nazo manyazi, mphindi 10 kapena 15, nkumawonjezera zisanu sabata iliyonse. Mangirirani kuyendako ku chinthu chimene mumachita kale, kuperekeza ana kusukulu, kupita kutchalitchi kapena kumzikiti, kukagula ndiwo. Ndipo pezani munthu woti azikudikirani pa geti, poti kunamiza alamu nkosavuta koma mnzako ataima panja pa chiperoni akugogoda sungamusiye. Mukaphonya masiku atatu chifukwa cha maliro kapena chimfine, pitirizani pomwe munasiyira, osadikira Lolemba kapena January.

Ndikufunika wotchi ija yowerenga masitepe? Nanga pa foni zimadya bandulo?

Wotchi siyofunika. Mafoni ambiri a masiku ano, a Tecno ndi itel omwe, amatha kuwerenga masitepe mukaika app yake, ndipo kuwerengako sikudya data, bandulo imangofunika poikapo app. Foni ikhale m'thumba la thalauza kapena siketi, mu handbag imaphonya ena. Dziwaninso kuti pa msewu wa mabampu minibasi kapena kabaza amatha kukuwonjezerani masitepe aulele, ndiye musanatumize screenshot ku gulu kuti mwamenya 14,000 chotsanipo a pakati pa Machinjiri ndi Wenela.